Imelo yafika mochedwa: mmene mungapezere pamene inaima

Wowerenga wina wandilembera kuti: "Mnzanga amene timachita naye bizinesi akuti ananditumizira imelo cha m'ma 9 koloko m'mawa, koma kwa ine inafika pafupifupi 1 koloko masana. Iye akuti vuto lili kwanga, pamene amene amasamalira imelo yanga akuti kwao zonse zili bwino. Ndakutumizirani ma header chifukwa ndinamva kuti amathandiza, koma ine sindikutolapo kanthu. Akunena zoona ndi ndani?"

Mwachita bwino kutumiza ma header, mizere yobisika ya pamwamba pa imelo yofotokoza ulendo wake, chifukwa yankho lili mmenemo. Imelo sichoka pa kompyuta ya wotumiza n'kugwera pa yanu nthawi yomweyo. Imadutsa m'maseva angapo (makompyuta olandira ndi kupatsirana maimelo), ndipo seva iliyonse imene yailandira imalemba mzere woyamba ndi mawu akuti Received: inachokera kuti, wailandira ndani, nthawi yanji. Zili ngati chidindo chimene positi ofesi iliyonse inkamenya pa kalata ikamadutsa. Chofunika kukumbukira n'chakuti seva iliyonse imalemba mzere wake pamwamba pa mizere imene yaipeza. Choncho ulendo wa imelo umawerengedwa kuyambira pansi kukwera m'mwamba.

Kwa ena amene sadziwa powapeza: mu Gmail tsegulani imeloyo, dinani timadontho titatu, musankhe Show original. Mu Outlook yakale (classic) ya pa kompyuta tsegulani imeloyo payokha, pitani pa File, kenako Properties, muwaona pa Internet headers. Mu Thunderbird dinani Ctrl ndi U. Mukafuna kusonyeza munthu wina, musangodina Forward, chifukwa mizere yakaleyo siipita nawo. Koperani ma headerwo, kapena tumizani imelo yonse ngati attachment.

Tsopano tione zanu. Ndafupikitsa mizere ndipo mayina a maseva ndawasintha, koma nthawi ndazisiya mmene zinalili:

Received: from mx.example.com by mailbox.example.com, 12:52:33 +0200
Received: from smtp.example.org by mx.example.com, 10:52:31 +0000
Received: from laptop by smtp.example.org, 07:14:09 +0000
Date: 09:14:05 +0200

Musanawerengetse chilichonse, yang'anani manambala a kumapetowo. +0000 ndi nthawi ya UTC, imene dziko lonse limawerengerapo nthawi, pamene +0200 ikutanthauza kuti wotchi ya kumeneko ili patsogolo ndi maola 2. Anthu ambiri amasokonezeka pomwepa. Munthu wongoyang'ana mwachangu anganene kuti imelo inalandiridwa 07:14 isanalembedwe n'komwe, ndiponso kuti inakhala maola 2 pakati pa maseva awiri omalizawo. Zonsezo si zoona. Mukasintha nthawi zonse kukhala za UTC, mupeza kuti mnzanuyo anadina Send pa 07:14:05, seva yake inalandira pa 07:14:09, seva yanu yakunja inalandira pa 10:52:31, ndipo bokosi lanu linalandira pa 10:52:33. Chiyambi chinatenga masekondi 4, mapeto masekondi 2. Pakati m'pamene pali maola 3 ndi mphindi 38.

Ndiye mnzanuyo sananame: anatumizadi cha m'ma 9. Imeloyo inakhala nthawi yonseyo pa seva ya kwawo, smtp.example.org, ikudikira kuti idutse. Koma apa ndikukupemphani kuti musafulumire kuloza chala. Kudziwa pamene imelo inaima si kudziwa amene anaiimitsa. Seva yotumiza ingathe kusunga imelo chifukwa yadzaza ndi mauthenga ambiri oyembekezera, zimene ndi vuto la kwawo. Ingathenso kuisunga chifukwa inayesa kutumiza koma seva yanu inali yozima, kapena inayankha kuti "osati pano, yesaninso nthawi ina". Mu SMTP, njira imene maseva amalankhulirana potumizirana imelo, mayankho oyamba ndi 4, monga 421, 450 ndi 451, ndi kukana kongoyembekezera, pamene oyamba ndi 5, monga 550, ndi kukaniratu, ndipo imelo imabwerera kwa mwini wake. Yokanidwa mongoyembekezera sibwerera nthawi yomweyo. Imakhala pamzere, wotumiza osadziwa kanthu.

Maseva ena amakana dala mwa njira imeneyi pofuna kuchepetsa spam. Njirayi imatchedwa greylisting: seva ikaona wotumiza wachilendo imamubweza koyamba, podziwa kuti seva yeniyeni ibweranso, pamene mapulogalamu ambiri a spam sabwerera. Nthawi zambiri zimenezi zimachedwetsa imelo mphindi zochepa chabe. Koma ngati wotumizayo ali ndi maseva ambiri, ndipo ulendo uliwonse akuyesa ndi IP (adiresi ya seva pa intaneti) ina, angamaoneke wachilendo mobwerezabwereza mpaka maola n'kupita. Kuwonjezera apo, nthawi yodikira imatalika ulendo uliwonse umene seva yalephera. Postfix, pulogalamu ina yoyendetsa seva ya imelo, ngati sanaisinthe, imayamba ndi masekondi 300, n'kumatalikitsa mpaka masekondi 4000, ndipo imagonja pakatha masiku 5. RFC 5321, chikalata cha mu 2008 chimene chimafotokoza malamulo a SMTP, imalangizanso kuti seva ipitirize kuyesa kwa masiku 4 kapena 5. Choncho seva yanu ikanakhala yozima kwa ola limodzi lokha, imelo ikanatha kufika patapita nthawi yoposa pamenepo. Mapulogalamu ena a greylisting, monga Postgrey, amasiya mzere wa X-Greylist wonena masekondi amene imelo inachedwetsedwa. M'ma header anu mulibe, koma si onse amene amaulemba.

Pali zina zimene zingakunamizeni. Mzere wa Date umalembedwa ndi kompyuta kapena foni ya wotumiza, ndiye ngati wotchi yake ndi yolakwika, nawonso ulakwika. Pakakhala mpata waukulu pakati pa Date ndi Received wapansi penipeni, kawirikawiri imeloyo inakhala mu Outbox chifukwa panalibe intaneti. Ngati Received wapamwamba akusonyeza kuti imelo inafika msanga koma inu munaiona madzulo, vuto ndi foni kapena pulogalamu yanu imene sinakatenge makalata. Komanso pa imelo yokayikitsa, mizere yapansi ingakhale yopeka. Yodalirika ndi imene yalembedwa ndi maseva a mbali yanu. Ngati kuwerengetsa nthawi kukukuvutani, Messageheader ya Google kapena Message Header Analyzer ya Microsoft zimachita zimenezi zokha, ngakhale ine ndimakonda kuti munthu ayambe wawerenga yekha kuti amvetse zimene akuona.

Chimene chingathetse mkangano wanu ndi log ya seva yotumiza, chifukwa ndi mmene mumalembedwa kuyesa kulikonse ndi yankho limene linabwera. Koperani m'ma header mzere wa Message-ID, umene ndi chizindikiro cha imeloyo, mupatse mnzanuyo, ndipo mumupemphe kuti amene amasamalira imelo yake aone zimene zinachitika pakati pa 07:14 ndi 10:52 UTC tsiku limenelo. Kwa a mbali yanu, musawafunsenso ngati "zonse zili bwino". Apatseni dzina ndi IP ya seva yotumizayo, zimene zili mumzere wa Received wapakatiwo m'ma header anu athunthu, ndipo muwafunse ngati inagogoda pa nthawi imeneyo n'kubwezedwa ndi yankho loyamba ndi 4. Ikapezeka kuti inabwezedwa, apempheni aike sevayo pa mndandanda wa ololedwa kudutsa. Ikapezeka kuti sinagogode n'komwe mpaka 10:52, okonza ndi a kwa mnzanuyo.