Mpando wa bambo anu musaupale

Mayi wina wa ku Katoto wanditumizira imelo yofunsa chimene angapake pa mpando wa ndalema umene malemu bambo awo anasiya, kuti ukhale zaka zambiri osasuluka. Mayi, funso lanu landikhudza kwambiri, chifukwa inenso ndinalifunsapo, ndipo yankho limene ndinatsatira linandiwonongera chinthu chimene sindidzachipezanso.

Agogo anga aamuna anali ndi mpando wa mlombwa umene ankanena kuti unapangidwa ndi mmisiri wophunzira ukalipentala ku Khondowe, kumene amishoni a Livingstonia, motsogozedwa ndi Dr Robert Laws, anakhazikika mu 1894 n'kumaphunzitsa anyamata ntchito zamanja. Mpandowo unalibe msomali ngakhale umodzi, pakuti matabwa ake analowetsana m'mabowo osemedwa bwino. Potsamira mikono panali poderako ndi posalala chifukwa cha manja a agogowo, amene ankakhalapo madzulo alionse akumvera wailesi. Atamwalira, mpandowo unabwera kwanga ku Zolozolo, ndipo pofuna kuulemekeza ndinaupereka kwa kalipentala wina, ndi kumuuza kuti apake vanishi wolimba kuposa onse.

Iye anaupala ndi makina mpaka thabwa linayera, kenako anaupaka vanishi wokhuthala wa polyurethane katatu, ndipo anachita zimenezi mu June, pamene Mzuzu amakhala mu chifunga ndi mvula yamawawa. Unabwera ukunyezimira ngati galasi, koma nditakhalapo n'kugwira potsamira mikono ndinalira, chifukwa chizindikiro cha manja a agogo chinali chitapita ndi fumbi. Patatha zaka ziwiri vanishiyo anayamba kung'aluka polumikizira matabwa n'kumafunduka ngati khungu la njoka. Thabwa limafufuma likamwa chinyezi, limanyala kukauma, ndipo kuno kwathu kumene mvula imachedwa kusiya limachita zimenezo chaka ndi chaka. Chikopa chokhuthala chikang'aluka, chinyezi chimalowa kunsi kwake n'kuchitukula. M'makona munatsaliranso phula la polishi wapansi amene agogo aakazi ankapakapo, ndipo pa phula vanishi sagwira.

Kuyambira pamenepo ndimakana ndithu kuti mpando wakale uziyezedwa ndi kulimba kwa chopakacho. Chopaka chilichonse chimatha, ndiye chofunika n'chakuti chikatha muthe kuchikonza popanda kudya thabwa. Polyurethane akauma sasungunuka, choncho watsopano salowana ndi wakale, ndipo akafunduka njira imakhala imodzi, yopalanso mpando wonse. Mpando wa zaka 80 mungaupale kangati usanaonde? Komanso polyurethane anatulukiridwa ndi Otto Bayer ku Germany mu 1937, kutanthauza kuti mipando yakale kwambiri inakhala zaka zonsezo popanda vanishi ameneyu.

Chimene chimandipweteka n'chakuti mlombwa ndi mbawa zikusowa, ndipo mipando yambiri imene timaiona m'mbali mwa msewu ndi ya paini wa ku Chikangawa, thabwa lofewa limene limafunadi chikopa cholimba. Amisiri ambiri anazolowera paini, motero akalandira mlombwa amauchita chimodzimodzi, kuupaka utoto wofiirira ndi kuukwirira ndi vanishi, pamene mlombwa uli ndi maonekedwe akeake ndipo mwachibadwa suvutika msanga ndi chiswe. Ena amafika popaka oyilo wakutha wa galimoto poopa kufumbwa. Chonde musalole zimenezo, chifukwa oyiloyo sauma, amadetsa zovala, ndipo zopaka zina zimavuta kugwira pamwamba pake.

Za shellac

Mipando yambiri yakale, makamaka yochokera kunja, inkapakidwa shellac, utomoni wopangidwa ndi tizilombo tina ta ku India ndi Thailand, umene umasungunuka mu spiriti. Ndikuvomereza kuti shellac amaopa madzi, ndipo kapu ya tiyi wotentha imasiya bwalo loyera. Koma watsopano amasungunula wakale n'kukhala chinthu chimodzi, kotero pokandika mumakonza pomwepo basi. Mpando wa agogo ukanayesedwa kaye ngati unali ndi shellac, mwina ukanangofuna kutsuka ndi kupukuta.

Tsono Mayi, chitani motere. Yambani mwaupukuta ndi kansalu konyowa pang'ono ndi madzi a sopo, n'kuumitsa msanga. Kenako nyowetsani thonje ndi spiriti mupake pobisika, monga kunsi kwa potsamira mkono. Pakayamba kumata, ndiye kuti ndi shellac, ndipo mungowonjezera shellac wopyapyala kawiri kapena katatu, akauma mupukute ndi phula la njuchi. Ngati chopaka chakale chinatha n'kutsala thabwa lokha, sakanizani vanishi wamafuta ndi turpentine (mankhwala osungunulira penti) muyezo wofanana, muzipaka ndi nsalu mopyapyala kanayi, kusiya tsiku lathunthu pakati, ndi kusalaza ndi dzanja pogwiritsa ntchito sandipepa wosalala wa nambala 320. Wopyapyala chotero amangoperepeseka pang'onopang'ono m'malo mofunduka, ndipo potsamira mikono mungawonjezere pakapita zaka. Dikirani September kapena October kukauma, makina opalira asayandikire, ndipo nsalu zamafutazo muziyanike panja zotambasula, chifukwa zikaunjikidwa zimatha kutentha n'kuyaka zokha.