Za mapulaimale mwafunsa zija, achimwene

Achimwene, mwaswera bwanji ku Joniko? Pepani ndachedwa kuyankha, foni inathera moto kumsika, pofika kunyumba magetsi kulibe. Zoti ndilembe sindingathe, nkhani yake ndi yaitali, ndiye ndingolankhula. Amene mulibe bandulo mudzamvera mawa.

Pagulupu paja mwafunsa ziwiri. Mwati kodi mavidiyo mukuona pa Facebook aja, anthu akuthamangitsana ndi miyala ku mapulaimale, ndi zoona kapena n'zopeka? Kenako mwati kodi ineyo pa chisankho cha pa 16 September 2025 ndikavota, poti alamu anu, amuna angawa, analemba dzana kuti iwo chala chawo sichidzaonanso inki. Ndiyamba ndi yoyambayo, chifukwa ndinaliko ndekha, si za kandimverere ayi.

Koma kaye, pali pamene mukusokoneza. Inu mwalemba ngati kuti panopa tikusankha odzaimira upulezidenti. Ayi achimwene, zimenezo zinatha chaka chatha cha 2024, ndipo ife a kumsika palibe anatifunsa. Woimira chipani pa mpando umenewo amasankhidwa ku konvenshoni, ndi madeligeti, anthu a maudindo m'chipani amene amawatenga pa mabasi kuchokera m'maboma, kuwagoneka, kuwapatsa ya chakudya. A MCP anachita yawo mu August 2024 pa BICC pompano mu Lilongwe, a Chakwera anadutsa popanda wopikisana nawo. Mwezi womwewo a DPP anakachita yawo ku Blantyre, a Peter Mutharika chimodzimodzi, popanda wopikisana nawo. Ndiye anthu awiri omwe aja anali pa pepala mu 2014, mu 2019, mu 2020, ndi omwewonso atiphulira. Wina zaka 70, wina 84. Kumene kunali kulimbirana kwenikweni ndi ku UTM, ku Mzuzu mu November, kumene a Dalitso Kabambe anagonjetsa a Patricia Kaliati ndi anzawo ena. Komatu a Kabambewo n'kuti atangochoka ku DPP miyezi yochepa m'mbuyomo. Mwamva?

Chisomo wanga, poti ndi wa ku koleji, amafuna kundiphunzitsa kuti ku America si choncho, kumeneko anthu wamba amavota chigawo ndi chigawo, Iowa, New Hampshire, miyezi ingapo, kusankha okha woimira chipani. Ndinati chabwino mwananga, nanga chaka chatha anatulukamo ndani? Si Biden ndi Trump omwe aja a 2020? Ndipo Biden atasiya mu July, Kamala Harris analowa popanda kuvoteredwanso pa pulaimale. Anangoseka n'kukatenga madzi.

Tsono zimene mukuona m'mavidiyozo ndi za aphungu ndi makhansala, zija a wailesi amati zisankho zachipulula. Mukudziwa ine ndili mu komiti ya eriya ya chipani chathu chija. Sindichitchula pano, gulupu ino muli a zipani zonse, amalume angatuluke ngati mmene anachitira nthawi ya maliro ija. Ovota ku pulaimale si membala aliyense ayi, ndi ife a m'makomiti a maeriya. Ndiye nkhondo yonse imagona pa pepala limodzi: maeriya ndi angati, mayina ake ndi ati. Amene wagwira pepala limenelo wapambana kale anthu asanasambe n'komwe.

Loweruka lake tinafika pa bwalo la sukulu 7 koloko, anati tiyamba 8. Mpaka 1 koloko tili padzuwa, opanda ndi madzi omwe, akuti akulu ochokera ku likulu la chipani ali m'njira. Kenako kunatulukira malole awiri odzaza anthu, akuimba, nsalu zatsopano zoti sizinaonepo sopo. Akuti amenewo ndi maeriya. Achimwene, ine dera lino ndakhalamo zaka 19. Maliro ndimapita, zinkhoswe ndimapita, kuchigayo ndimapita. Pa anthu onsewo sindinazindikirepo nkhope ngakhale imodzi. Mayi wina ndinamufunsa mwaulemu, ndati mayi, eriya yanu ndi iti? Anatembenuka kuyang'ana mnzake kuti amukumbutse dzina.

Kavotedwe kakenso inu simukadziwa, munachoka kale. Kulibe pepala, kulibe bokosi. Mashado, amene akufuna mpandowo, amawaimika kutsogolo atatipatsa msana, n'kuwamanga nsalu kumaso, ndiye iwe umakandanda kumbuyo kwa amene ukumufuna, akulu aja n'kumawerenga mitu ngati mbuzi pa dibi. Akuti kumanga kumasoko n'kuti shado asaone amene wamukana. Nanga anyamata ake, maso awo wamanga ndani? Aima pambali pomwepo ndi mafoni, akujambula. Ndipo ndisaname, ine nsalu ndinalandira kwa mashado atatu, shuga kwa awiri, ya sopo kwa onse. Musandiweruze, fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Lamulo la zipani la 2018 limaletsa zogawagawazi, koma mmene shuga wavutira muno, ndani angabweze paketi? Ndiye taganizani: alandilodi anga aima pa mzere wa uyu, tcheya wa banki m'khonde, amene ndili naye ngongole, waima pa mzere wa uyo, ine wanga wa kumtima ndi wachitatu. Miyendo inalemera, ndikukuuzani.

Ndinalimba mtima, ndinapita kwa wachitatuyo, maso pansi. Mzere wathu unali wautali, unakafika pa golo. Atayamba kuwerenga mzere winawo, tinaona a m'malole aja, owerengedwa kale, akuzungulira kuseri kwa kalasi kukaimanso kumapeto. Mnyamata wina anakuwa kuti akuba! Mwala woyamba unagwera pa malata, basi zinathera pomwepo. Ine ndinathawa nsapato imodzi m'manja, inayo mpaka lero kaya ili kuti. Owerenga aja anadumphira m'galimoto. Mawa lake tinangoona pa WhatsApp kuti wapambana ndi uja wa malole, manambala olembedwa bwinobwino, chidindo chilipo, pomwe kuwerenga sikunathe.

Wathu uja wanena kale kuti aima payekha. Komiti yathu panopa yang'ambika pakati, ena salonjerana. Masana tikuvala nsalu ya chipani kukavina kumsonkhano, madzulo tikuyenda khomo ndi khomo kugulitsa woima payekha. Ndipo musaganize kuti ndi kwathu kokha kapena chipani chathu chokha. Mu 2014 aphungu oima paokha analipo 52. Mu 2019 analipo 55 pa mipando 193, kufanana ndi a MCP onse. Ambiri mwa amenewo si anthu opanda chipani ayi, ndi ana a m'nyumba omwe anawatsekera panja pa pulaimale, anthu n'kukawalowetsa pa zenera. Akapambana amabwereranso komweko, amalandiridwa ndi nthungululu ndi omwe aja anawabera. Chaka chino cha 2025 madera awonjezera afika 229, ndiye muona nokha.

Tadikirani, mwana uyu akufuna kiyi. Ili pa firiji! Eya, ndimati chiyani paja.

Za kumtundako n'chimodzimodzi, kungoti kumeneko wokwiya samaima payekha, amakalembetsa chipani chake. Tawerengani. A Bingu analowa pa tikiti ya UDF mu 2004, pofika February 2005 atuluka, apanga DPP. Mayi Joyce Banda anachotsedwa mu DPP kumapeto kwa 2010, n'kupanga PP. A Chilima anatuluka mu DPP momwemo mu 2018, UTM anaikhazikitsa pa Masintha pathu pompa, ine ndinatseka benchi kukaonera. A Nankhumwa anachotsedwa mu January 2024, pano ali ndi PDP. A Usi, amene analowa m'malo mwa a Chilima pa wachiwiri kwa pulezidenti, anasemphana ndi UTM, ali ndi Odya Zake Alibe Mlandu. Mitundu ya nsalu yachuluka, koma mukayang'anitsitsa ndi anthu a mudzi umodzi, anadyera mbale imodzi, anangosiyana pogawana ndiwo. Sindinamvepo kuti wina watuluka chifukwa asemphana pa za mtengo wa chimanga. Amatuluka akaona kuti mpando wa kutsogolo uli ndi mwini wake ndipo sakusuntha.

Ndiye alamu anu musawaseke. Bambo a Chisomo si aulesi pa zimenezi. Mu 2019, nthawi ya tipeksi ija, anayenda pansi kuchokera ku Community Ground mpaka ku Capital Hill kangapo, anabwera maso ali psuu ndi utsi wokhetsa misozi. Pa 3 February 2020 majaji asanu aja akuwerenga chigamulo tsiku lonse, sanadye, khutu lili pa wailesi. Pa 23 June anadzuka 4 koloko, m'chisanu chija, kukandanda. Anawauza za ntchito 1 miliyoni, za kudya katatu, za feteleza wa K4,495. Fetelezayo chaka choyamba anagulikadi, amayi kumudzi anapeza matumba awo awiri, tisanamizane. Kenako anafika K7,500, kenako K15,000, mayina n'kumachepa. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, inagwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Ineyo belo la kaunjika limene ndinkaoda popanda kuganiza kawiri, lero timachita kusonkherana atatu. N'chifukwa chake mu February 2025 mavenda tinapita ku Nyumba ya Malamulo, si kuti anatituma andale ayi. Alamu anuwo agona pa filing'i siteshoni ndi minibasi masiku osawerengeka. Ndiye pa 10 June chaka chatha ndege ija itagwa ku Chikangawa, munthu amene ankamukhulupirira, a Chilima, anapita, mwezi wotsatira UTM n'kutuluka mu Tonse. Akayang'ana mbali inayo, akuona omwe aja anawayendera m'misewu kuti achoke. Mukufuna anene chiyani? Iwo akuti kuvota n'kusankha amene akudyere.

Ndipo si okha. MEC ikuti tinalembetsa anthu 7.2 miliyoni, ambiri ndife amayi. Mu 2019 tinali 6.8 miliyoni. Zaka zisanu ndi chimodzi, ana onse aja akula, kuwonjezeka kwake n'kumeneko? Atsikana amene ndimagulitsa nawo pa msika wa Tsoka, a zaka za Chisomo, ambiri kalembera anangomudutsa. Ukawafunsa amati aunt, mzere wa shuga, mzere wa mafuta, ndikaimenso wina waulere?

Tsono ine mwandifunsa. Ndikavota, achimwene. Si kuti ndili ndi chiyembekezo chachikulu ayi, ndatopa ngati wina aliyense. Koma taonani: ku konvenshoni sanandiitane, ku pulaimale anandiwerenga ngati chiweto kenako n'kulemba zawo. Pa ulendo wonsewu, malo okhawo amene ndidzakhale ndekha, popanda alandilodi, popanda mnyamata wa foni, ndi m'kachipinda kaja. Mapepala ndi atatu. La phungu ndikudziwa kale pochonga, ndikukabweza ngongole ya nsapato yanga. La khansala ndikupatsa mayi wina wa chipani china, amalume amve, chifukwa ngalande ya kuseri kwathu anaigwira ndi manja ake mvula ija. La pulezidenti ndiye sindinaganize, ndisakunamizeni. Ndikudikira ndione amene agwirane manja, chifukwa ndi 50+1 iyi aliyense akufuna mnzake, ndipo akapanda kukwanitsa tidzabwererako kachiwiri. Mwina ndikaganizira pomwepo, cholembera chili m'manja.

Alamu anu kapepala kawo ka kalembera sanataye. Kali m'Baibulo, ndinakaona Lamulungu. Sindinawafunse.

Inuyo zoti mubwere kudzavota iwalani, simunalembetse, ndipo kunjako kulibe kovotera. Ya thiransipotiyo ingotumizani, amayi akudandaula za malata a khitchini, mphepo ya June isanayambe. Apatseni moni alamu ndi ana. Ndathawa, madzi a nsima awira kalekale.