Komiti ya oditi izimva zinthu payokha, mabwana atatuluka

Mayi, mwafunsa kuti zikutheka bwanji kuti komiti yanu ya oditi (yoyang'anira ntchito yofufuza mabuku a zachuma a kampani) imakumana kanayi pachaka, mamembala onse amabwera, koma zolakwika zomwezomwezo zimatulukanso mulipoti la maodita chaka ndi chaka. Ine ndikanayamba ndi kufunsa kuti, kodi mkulu wa oditi ya m'kati mwa kampani amapereka malipoti ake kwa ndani? Nanga ali ndi mphamvu zomuchotsa ntchito ndani?

Ngati yankho ndi mkulu wa zachuma, pagona vuto m'pomwepo. Munthu sangafufuze momasuka bwana amene amasainira malipiro ake. Mu 2002, kukampani ya WorldCom ku America, Cynthia Cooper ndi anzake a oditi ya m'kati anapeza kuti madola pafupifupi 3.8 biliyoni oyendetsera ntchito za tsiku ndi tsiku analembedwa m'mabuku ngati katundu wa kampani, n'cholinga choti phindu lioneke lambiri. Mkulu wa zachuma, Scott Sullivan, anapempha Cooper kuti aimike kaye kafukufukuyo. Mayiyo anakatula nkhaniyo kwa wapampando wa komiti ya oditi, chinyengo n'kuululika. Chaka chomwecho dzikolo linakhazikitsa lamulo la Sarbanes-Oxley, lomwe limati m'makampani ogulitsa masheya pamsika, komiti ya oditi ndiyo isankhe ndi kuyang'anira maodita akunja, mamembala ake akhale oima paokha, osati mabwana kapena antchito a kampaniyo, ndiponso pakhale njira yoti antchito aziulula zachinyengo osadziwika dzina.

Chimene ndimachilimbikira kwambiri n'chakuti pamsonkhano uliwonse mabwana azituluka kaye, komiti itsale ndi maodita okha. Ndinakhalapo m'komiti ina yomwe tinayesa zimenezi. Odita amene kwa maola awiri ankangoti "zonse zili bwino, kupatula tizinthu ting'onoting'ono", chitseko chitangotsekedwa anavula magalasi, n'kutiuza kuti wakhala akupempha zikalata za akaunti ina kwa miyezi itatu osapatsidwa. Mulipoti munalibe zimenezo. Funso lowafunsa maodita ndi losavuta: "Munasemphana pati ndi mabwana chaka chino, ndipo anagonja ndani?"

Za zolakwika zobwerezabwerezazo, sungani pepala limodzi lolembapo cholakwika chilichonse, dzina la woyenera kuchikonza ndi tsiku lomaliza. Muziyambira pamenepo msonkhano uliwonse. Mawu oti "tikukonza" musawalandire kawiri. Kachiwiriko mwiniwake abwere adzafotokoze pamaso pa komiti.

Mapepala a msonkhano azifika patatsala sabata, chifukwa mpukutu wofika usiku wa dzulo lake palibe amauwerenga. Pakhalenso membala ngakhale mmodzi wodziwadi za mabuku a zachuma, ndipo ena onse asachite manyazi kunena kuti "sindinamve, bwerezani". Ndimadandaula kwambiri ndikaona anthu anzeru akungogwedeza mitu poopa kuoneka osadziwa.

Ndipo ndalama zimene akuti zili kubanki, funsani maodita ngati banki yeniyeniyo inawatsimikizira mwachindunji, osadzera kwa mabwana. Kampani ya Wirecard ya ku Germany inagwa mu 2020 zitadziwika kuti mayuro 1.9 biliyoni omwe ankati ali m'mabanki a ku Philippines kunalibeko. Pamsonkhano wanu wotsatira, pemphani kuti kalata za mabankizo muzione ndi maso anu.