Funsani Tikuyankheni: Bwanji njinga za mpikisano zimangokhotera kumanzere?

FUNSO: Akonzi, ine ndimapalasa kabaza pa Kasungu boma. Tsiku lina pa TV ndinaona mpikisano wa njinga m'bwalo lamatabwa lopendekeka kwambiri. Onse ankazungulira mbali imodzi, kumanzere kokhakokha. Kodi ndi lamulo? Nanga sagwa bwanji pamalo opendekeka chonchija? Atati atembenuke n'kumalowera kumanja, zingafanane? Wakabaza, Kasungu.

YANKHO: Achimwene, mwafunsa ngati munthu wodziwa njinga ndi miyendo yake, ndipo ndakondwa nalo funso lanu. Bwalo mudaonalo amalitcha velodrome. La mipikisano ikuluikulu monga ya Olimpiki nthawi zambiri limakhala la mamita 250 kuzungulira kamodzi, ndiye kuti mukazungulira kanayi mwakwanitsa kilomita. Lili ndi mbali ziwiri zowongoka ndi makona awiri.

Kumanzereko ndi lamulo ndithu. Mipikisano yonse ya m'mabwalo otere yoyendetsedwa ndi UCI, bungwe loona za njinga padziko lonse, imalowera mbali imeneyi, monganso amachitira othamanga pa Bingu National Stadium ku Lilongwe. Koma chimene ine ndimafuna anthu amvetse n'chakuti njinga zimenezi zilibe mabuleki. Giya ndi imodzi, yogwirana ndi tayala lakumbuyo, moti tayala likamayenda mapedulo nawo amayenda. Simungapumitse miyendo monga mumachitira potsetsereka. Tsono anthu othamanga liwiro loposa makilomita 60 pa ola, opanda mabuleki, sangasiyidwe kuti aliyense asankhe kolowera. Wofuna kupitirira mnzake amadzera kumanja, kumtunda kwa bwalo. Izi si zachilendo kwa inu, pa M1 timateronso.

Za kusagwazo ndi zomwe zimandikoka mtima. Inu mukanyamula thumba la chimanga n'kufika pakona muli pa liwiro, mumapendeketsa njinga kulowera m'katimo osaganiza n'komwe. Mukapanda kutero liwiro limakukankhirani kunja, ndipo pamsewu wamchenga tayala limaterereka. Omanga velodrome adaona kuti ndi bwino pansi papendekere limodzi ndi wopalasa. M'makona matabwa amaimirira madigiri opitirira 40, pomwe mowongoka ndi cha m'ma 12 basi. Bwalo lonse limaoneka ngati beseni lalitali. Liwiro lija, m'malo mokutayirani kunja, limakukanikizirani pa matabwa, matayala n'kugwira zolimba. Choopsa pamenepo ndi kuyenda pang'onopang'ono: njinga imaima chilili, pedulo yakumanja n'kuyandikira thabwa, ikangokhudza munthu watsetsereka. N'chifukwa chake mapedulo a njinga zimenezi amakhala m'mwamba pang'ono kuposa a njinga zathu.

Ndibwere ku funso lanu lomaliza. Kufanana kumene omanga amasamala kwambiri ndi kwa magawo awiri a bwalo. Pali mpikisano wina wothamangitsana, wa makilomita 4, womwe ndi maulendo 16. Opikisana awiri amayambira mbali zoyang'anizana, wina pakati pa mbali yowongoka iyi, wina pakati pa inayo. Gawo lina likatalika kapena kupendekeka mosiyana ndi linzake, mmodzi waberedwa mpikisano usanayambe. Mtunda amauyeza pa mzere wakuda, womwe uli masentimita 20 kuchokera m'mphepete mwa m'kati. Mukaona wopalasa akukakamira mzere umenewo, akupewa kuwonjezera mtunda, pakuti ukakwera m'mwamba njira imatalika. Mutatembenuka, mamita akhala omwewo 250, koma mzere womalizira adauika chakumapeto kwa mbali yowongoka poganizira munthu wokhotera kumanzere, ndipo thupi la wopalasa lidazolowera mbali imodziyo kuyambira tsiku lomwe adayamba kuphunzira.

Mabwalo otere mu Africa muno alipo, monga ku Cairo, ku Abuja ndi ku Bellville ku Cape Town. Zimandipweteka kuti anyamata amphamvu ngati inu, okwera mitunda ndi munthu kumbuyo tsiku lonse, mulibe poyesera miyendo yanu motere. Kuti muone kukula kwa nkhaniyi, mu 2022 Filippo Ganna wa ku Italy adapalasa makilomita 56.792 m'ola limodzi m'bwalo la ku Grenchen ku Switzerland. Adazungulira maulendo opitirira 227, onsewo kukhotera kumanzere.

Chonde achimwene, mabuleki a kabaza yanu asachoke, ndipo muziwaona m'mawa uliwonse musananyamule munthu.