Akufuna masheya 60 pa 100 m'malo anga ogulitsira nkhuku, ndiwapatse?

Bambo ena a ku Highfield, kuno ku Harare, atilembera pa imelo. Ali ndi malo atatu ogulitsira nkhuku ndi tchipisi, awiri m'tauni, amodzi ku Mbare. Kampani ina ya private equity, yogula masheya m'mabizinesi kuti idzawagulitse pa phindu, yawafikira: ikufuna masheya 60 pa 100 alionse, ndipo ikulonjeza kutsegula nthambi zina n'kuyamba kubwereketsa dzinalo kwa anthu ena ngati franchise. Akufunsa ngati avomere.

Bambo, poyamba dziwani kuti ndalama akubweretsazo si zawo. Amazitolera ku mabungwe a penshoni, a inshuwalansi ndi mabanki a chitukuko, n'kuziika m'thumba limene nthawi zambiri limakhala zaka 10. Oyendetsa thumbalo amadyapo pafupifupi 2 pa 100 chaka chilichonse, kenako 20 pa 100 ya phindu akadzagulitsa. Tsiku limene akusainirana nanu amakhala akuganizira kale amene adzamugulitse bizinesi yanu pakatha zaka zisanu kapena kuposerapo pang'ono.

Chimawakopa pa franchise n'choti mwini dzina sakazinga nkhuku. Wobwereka dzina ndiye amalipira lendi, antchito ndi dizilo ya jenereta magetsi akazima, komabe amapereka royalty, malipiro a kwa mwini dzina, pa ndalama zonse zimene wagulitsa, apindule asapindule. Ku America, Subway, kampani ya malo ogulitsira masangweji, imatenga 8 pa 100, kuwonjezapo 4.5 ya zotsatsa malonda. N'chifukwa chake Roark Capital, kampani ya private equity ya ku Atlanta, idagula Subway mu 2024, itagula kale Dunkin', yogulitsa khofi ndi madonati, mu 2020 pa madola 11.3 biliyoni kudzera ku kampani yake ya Inspire Brands. Koma malo atatu sanafike pamenepo. Pamafunika dzina lolembetsedwa mwalamulo, kakonzedwe ka chakudya kolembedwa mpaka magalamu a zokometsera, ndi wokupatsani nkhuku zofanana kukula tsiku lililonse. Apo ayi, wodya ku Mbare ndi wodya m'tauni alawa zinthu ziwiri zosiyana, pomwe Chicken Inn ya Simbisa Brands ili pafupi pomwepo.

Pamene zimavuta kwambiri ndi pa ngongole ndi nyumba. Mu 2014 Golden Gate Capital, nayonso ya private equity, idagula malesitilanti a Red Lobster a ku America pa madola 2.1 biliyoni, ndipo nthawi yomweyo idagulitsa malo ndi nyumba za malesitilantiwo pa madola pafupifupi 1.5 biliyoni, n'kumachita lendi nyumba zomwezo. Lendiyo inkakwera chaka ndi chaka, makasitomala abwere asabwere. Panali zifukwa zinanso, koma mu 2024 Red Lobster idakapempha chitetezo kukhoti italephera kubweza ngongole. Choncho ngati nyumba ina mwa zitatuzo ndi yanu, isalowe m'pangano. Ikhale m'dzina lanu, kampani izikulipirani lendi. Funsaninso ngati ndalama zogulira masheya anu akuzikongola ku banki, ndipo adzabweze ndani, iwo kapena bizinesi.

Mtengo amauwerengera pa phindu la pachaka asanachotse msonkho ndi chiwongoladzanja, n'kulichulukitsa kangapo. Tiyerekeze phindu lanu ndi madola 100,000 ndipo mwagwirizana kuchulukitsa kanayi: bizinesi ndi ya 400,000, gawo lawo 240,000. Apa ndi pamene madola ogulitsa pamanja osalembedwa m'mabuku amakupwetekani. Chosalembedwa sachiwerengera, ndipo akapeza msonkho wa ZIMRA (bungwe lotolera misonkho) kapena ndalama za NSSA (bungwe la penshoni la boma) zosalipidwa amachotsa pamtengo. Mumvetsenso kuti 240,000 imeneyo ikupita kuti: m'thumba mwanu, kapena m'kampani kukatsegulira nthambi. Ambiri amadzazindikira mochedwa kuti sadagwire kalikonse m'manja. Pangano linenenso ndalama yake, dola ya America kapena ZiG ya kuno ku Zimbabwe, makamaka ngati gawo lina adzakulipirani patsogolo.

Mnzanu wa mawa simudzamusankha nokha. Java House, kampani ya malesitilanti ya ku Nairobi, yadutsa m'manja mwa makampani angapo a private equity: idagulidwa ndi Emerging Capital Partners mu 2012, idapita kwa Abraaj mu 2017, Abraaj idagwa mu 2018, ndipo Actis ndiyo idatenga. M'pangano mudzapeza mawu akuti drag-along, kutanthauza kuti akamagulitsa akhoza kukukakamizani kugulitsa nanunso. Musawakane, sangavomere, koma muike mtengo wochepetsetsa umene sangatsikepo. Mufunenso tag-along, yokulolani kutuluka nawo pamtengo womwewo.

Kwa ife, 60 pa 100 pa malo atatu ndi yochuluka. Mukavomera, mwataya ulamuliro, akhoza kukuchotsani pa umanijala, ndipo pangano loletsa kupikisana nawo likutsekerani kutsegula malo ena ankhuku kwa zaka zingapo. Ayeseni ndi 30 kapena 40, ndipo ngati akukakamira, zisankho zazikulu monga kukongola, kugulitsa katundu ndi kusintha dzina zizifuna siginecha yanu. Loya akhale wanuwanu, wolipidwa ndi inu, ndipo musanasaine apempheni akulumikizeni ndi eni mabizinesi awiri amene adagwirapo nawo ntchito n'kusiyana nawo, mukacheze nawo iwo kulibe.