Ndimadyera kubetcha, koma banki yandikaniza mortgage

FUNSO: Zikomo a Malume. Ine ndili ku Leeds kuno ku UK, ndinasiya ntchito ya ku warehouse ndipo pano ndimadalira kubetcha mpira ndi mahatchi basi, osati zongoyesa mwayi ayi, ndimaonetsetsa matimu bwinobwino ndipo pachaka ndimapeza kuposa zomwe ndinkalandira pa ntchito paja. Mayi a kunyumba ndi nesi. Tatopa ndi lendi, ndiye tinapita ku banki ina kukafunsa mortgage, ngongole yogulira nyumba, koma atangoona sitetimenti yanga anangoti pepani. Ndalama ndili nazo, vuto ndi chani? Wotopa ndi lendi, Leeds

YANKHO: Achimwene, chakugwetsani ndi chomwecho chimene mumasangalala nacho. Ku UK ndalama yowina pa juga siidulidwa msonkho. Nkhaniyi ndi yakalekale, mu 1925 pa mlandu wa Graham v Green khoti linagamula kuti wobetcha mahatchi sakuchita bizinesi olo akhale kuti amadyera momwemo, ndipo a HMRC, bungwe lotolera misonkho ku UK, amayendera zomwezo mpaka lero. Zokoma ndithu. Koma banki ikamabwereketsa munthu wodzilemba yekha ntchito, kaya ndi pulambala kaya wa takisi, imafuna mapepala a msonkho aja amati SA302, kawirikawiri a zaka 2, nde inu muwatenga kuti poti simulipira msonkho? Kwa iwowo ndinu munthu wopanda malipiro basi, ngakhale mu akaunti muli mapaundi ambirimbiri.

Musamunyoze wa ku banki uja, si nkhanza zake. Kuyambira 2014 malamulo a FCA, bungwe loyang'anira mabanki ndi obwereketsa ndalama ku UK, amawakakamiza kuonetsetsa kuti munthu azikwanitsa kubweza mwezi ndi mwezi, ndipo sitetimenti ya miyezi 3 yodzadza ndi ndalama zopita ku makampani a betting, lero 200 mawa 500 mkucha 50, imawathawitsa olo wobwereka akhale dokotala. Komanso tinene zoona, ma bookie, makampani a betting aja, akaona kuti mukuwadya kwambiri amakuchepetserani ndalama yomwe mungabetche kapena kutseka akaunti kumene, ndiye ngongole ya zaka 25 muitsamiritse pamenepo?

Ine ndikanakhala inu ndikanatere. Ndalama zowinazo zikhale dipoziti, malipiro a alamu akhale amene banki iwerengere. Mabanki ambiri amabwereketsa mpaka pafupifupi ka 4.5 malipiro a pachaka, tiyerekeze alamu amalandira £32,000, ndiye kuti ngongole ingafike cha m'ma £144,000, pamenepo muonjezere dipoziti yanu. Dipoziti ikakula chiwongoladzanja chimatsikanso. Koma loya woyendetsa zogula nyumbayo adzafunsa kumene ndalamayo yachokera chifukwa cha malamulo othana ndi ndalama zakuba, choncho pitani mu ma akaunti anu a betting mudawunilode mbiri yonse, zolowa ndi zotuluka, musunge. Ndalama za cash zosadziwika kochokera ndiye musayerekeze.

Patulaninso ma akaunti, ya kubetcha payokha, ya lendi, magetsi ndi council tax payokha. Sikubisa ayi, akakufunsani muwaonetse zonse, kunama pa fomu ya mortgage ndi mlandu wa chinyengo ndipo mungagwetsere alamu m'mavuto a zii ku ntchito kwawo.

Ngati mukufuna dzina lanu liziwerengedwa pa malipiro, pezani kaganyu ka payslip ngakhale ka masiku ochepa pa sabata, muzikhala nako miyezi ingapo musanafunsirenso. Ndipo lekani kuyenda banki ndi banki nokha, fomu iliyonse ya mortgage yomwe mwalemba itha kusiya chizindikiro pa credit file yanu, mbiri yanu ya ngongole yomwe mabanki amaona. Pezani mortgage broker, munthu wokusakirani ngongole ya nyumba, woona mabanki onse, mumuuze za juga tsiku loyamba lomwelo, komanso mumuuze ngati muli ndi ILR, chilolezo chokhala ku UK mpaka kalekale, kapena mukadali pa viza chifukwa a pa viza nthawi zambiri amawauza kuti abweretse dipoziti yokulirapo.