Kamera yachita nkhungu ku Porto, khadi nalo lakana

Achemwali ena omwe amagwira ntchito ku Manchester andilembera imelo ali ku Porto, m'dziko la Portugal. Akuti dzulo potuluka m'nyumba yosungiramo vinyo galasi la kamera linachita nkhungu, zithunzi za mkatimo zinatuluka zakuda ndi zogwedera, ndipo pofika madzulo kamera inalemba kuti khadi losungira zithunzi lili ndi vuto, ikufuna "format", kutanthauza kufufuta zonse zili pakhadipo. Atsala ndi masiku awiri. Akufunsa chochita, komanso malo oti asawaphonye.

Achemwali, ndiyambe ndi khadilo, chifukwa zinazo n'zokonzeka koma ili mukalakwitsa mulira. Musadine "format", chonde. Lichotseni, tsitsani kaloko kali m'mbali mwake, mulisunge m'chikwama. Nthawi zambiri zithunzi zimakhala zilimo, chasokonekera ndi kaundula amene amauza kamera pomwe chithunzi chilichonse chili. Mukabwerera kunyumba, pulogalamu yaulere ya PhotoRec itha kuzivuula pakompyuta, bola musajambulirepo zina pamwamba. Ine zithunzi za chinkhoswe cha mphwanga zinapita choncho: ndinafufuta khadi n'kupitiriza kujambula, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Pitani mumsewu wa Rua de Santa Catarina mukagule khadi lina, kapena awiri ang'onoang'ono m'malo mwa limodzi lalikulu.

Nkhunguyo isakuopseni. Nyumba za vinyo za ku Vila Nova de Gaia, tsidya lina la mtsinje wa Douro, n'zozizira komanso zamdima kuti vinyo azikhwima pang'onopang'ono m'migolo. Kamera ikazizira mmenemo n'kutulukira kumpweya wofunda wachinyezi, imachita thukuta ngati botolo lochokera mufiriji. Musanatuluke iikeni m'jumbo, mangani pakamwa, dikirani mphindi 20 kapena 30. Musachotse lenzi ikadali yonyowa, mungalowetse chinyezi mkati. Pojambula mumdimamo kwezani ISO (mphamvu ya kamera yomvera kuwala) mpaka 3200, tsegulani lenzi mpaka pomwe imathera, liwiro lojambulira lisatsike pa 1/60 ya sekondi, ndipo tsamirani khoma. Fulashi imapha kukongola kwa migoloyo.

Pomwe mukudikira kamera ili m'jumbomo, yang'anani mabwato otchedwa rabelo omwe akocheza pagombepo. Ndi amene kale ankatsika ndi migolo kuchokera kuminda ya mphesa kumtunda kwa Douro, dera lomwe malire ake anaikidwa mwalamulo mu 1756, nthawi ya nduna yaikulu Marquês de Pombal. Vinyo wa m'nyumbazi, wotchedwa port, amatsekemera chifukwa amamuthira mowa waukali asanamalize kusasa, shuga wa mphesa n'kutsalamo. Mphamvu yake imafika cha m'ma 20 peresenti, ndiye mukalawa makapu atatu, lamba wa kamera akhale m'khosi.

Tsono malo oti mupite. Ngati pali amodzi oti musawasiye, ndi pamwamba pa mlatho wa Dom Luís I. Unatsegulidwa mu 1886, ndipo anaukonza ndi Théophile Seyrig, yemwe poyamba ankagwira ntchito limodzi ndi Gustave Eiffel, wa nsanja yotchuka ya ku Paris. Pamwambapo pamadutsa sitima ya metro pambali penipeni pa oyenda pansi, choncho musabwerere chafutambuyo diso lili pakamera. Wolokani cha kumadzulo, mukwere chitunda cha Serra do Pilar, mukakhale pansi. Dzuwa likamapendeka, nyumba zothithikana za ku Ribeira, dera lakale la m'mbali mwa mtsinje, zimasanduka zofiirira, madenga ngati makala, kenako magetsi amayaka limodzilimodzi n'kumaonekera m'madzi. Ine ndinakhala pamenepo mpaka mdima, ndipo ndi pomwe mzindawu unandilowa mumtima. Ikani kamera pakhoma, tcherani kuti ijambule yokha pakatha masekondi awiri, chithunzi sichigwedera.

Mawa lake lawirirani kusiteshoni ya São Bento anthu asanadzaze. Makoma ake ali ndi matailosi pafupifupi 20,000, ambiri abuluu ndi oyera, ntchito ya Jorge Colaço, osonyeza nkhondo zakale ndi moyo wakumudzi. Nsanja ya Clérigos ili pafupi, masitepe opitirira 200, ngati mawondo akulola. Sitolo ya mabuku ya Lello ndingaisiye: polowa pamafunika tikiti, mzere ndi wautali, ndipo mkati simupeza poima kuti mujambule.

Masana kwerani tramu (kasitima kamumsewu) nambala 1 mpaka ku Foz, komwe Douro amathira m'nyanja ya Atlantic. Kumeneko mphepo imabwera ndi mchere, ndiye kamera muziitulutsa pojambula pokha, ndipo pobwerera muipukute ndi kansalu kofewa. Mukayesa khadi lija kunyumba, mundilemberenso ndimve mmene zathera.